Momwe mudzi ungagwirizanirane pochepetsa nthawi imene ana amakhala pa foni, TV ndi vidiyo

Makolo ambiri anayesapo kale njira zodziwika: kulanda foni, kubisa rimoti, kukalipa, ena mpaka kuthyola kamkwapulo. Zimagwira masiku ochepa, kenako zonse zimabwerera mwakale. Mukamuletsa mwana kwanu, amasamukira kwa aneba kumene TV imayaka kuyambira m'mawa. Mukalankhula ndi anebawo, amakapezeka mu vidiyo sho pa msika, yunifomu ili m'thupi. Mukasiya kugula bandulo, mnzake wa m'kalasi amamutumizira filimu pa Bluetooth kapena kumubwereka memori khadi. Khomo limodzi silingatseke njira zonsezi. Choncho malangizo awa ndi a mabanja oyandikana kuno ku Mulanje amene akufuna kuchitira zinthu limodzi, kaya ndi kufupi ndi Chitakale, ku Limbuli, ku Nkando, kapena m'nyumba za pa esiteti ya tiyi.

Tisasokoneze cholinga. Pa foni ndi pamene timalandirira ndalama za Mpamba ndi Airtel Money, ndi pamene timamvera uthenga wa maliro ndi mitengo ya nandolo, ndipo m'masukulu ena ana a Sitandade 1 mpaka 4 akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti a pulogalamu ya BEFIT. Zimenezo sitikulimbana nazo. Tikufuna kubweza maola amene akudya tulo ta mwana, sukulu yake ndi masewera ake.

Zofunika musanayambe

- Mabanja 8 mpaka 12 oyandikana, amene ana awo amasewerera limodzi kale.
- Kope ndi bolopeni pa banja lililonse.
- Pepala lalikulu ndi maka. Kuseri kwa kalendala yakale kumakwanira.
- Kadengu kapena kabokosi pa khomo lililonse, mogoneka mafoni usiku.
- Tochi kapena kanyale ka sola, ndi wotchi ngati ilipo. Popanda zimenezi mwana adzati akufuna foni younikira powerenga kapena yomudzutsa m'mawa, ndipo adzakhala akunena zoona.
- Mpira (wachikulunga ndi wokwanira), chingwe cholumpha, bawo ndi mabuku ochepa.
- Malo osewerera ndi malo othawira mvula: bwalo la sukulu, khonde la tchalitchi kapena la mzikiti, kapena nyumba ya sukulu ya mkombaphala ana aang'ono akaweruka.
- Anthu okuthandizani: a mfumu, aphunzitsi aakulu, amayi a mother group (gulu la amayi lothandiza ana pasukulu), mlangizi wa zaumoyo, ndi achinyamata awiri odziwa bwino mafoni amene makolo amawakhulupirira.

1. Sabata yoyamba werengani, musaletse chilichonse

Banja lililonse lijambule mizere m'kope: dzina la mwana, tsiku, chimene waonera, kumene waonerako, nthawi imene wayamba ndi imene wasiya, ndi nthawi imene wagona. Lembani masiku 7, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu.

Pa mizere yonseyi, wofunika kwambiri ndi wa "kumene waonerako". Mabanja ena adzapeza kuti vuto lili m'nyumba mwawo momwe, pa foni ya mayi imene imatsala patebulo iwo akapita kumunda. Ena adzapeza kuti kwawo kulibe ngakhale TV, koma mwana amatha maola atatu pa zenera la aneba kapena mu vidiyo sho. Palinso kanthawi kena kamene makolo ambiri sakawerengera: mwana amene mwamutuma kukatenga foni kotchajitsa. Akachedwa kubwera, n'kufika batire itatsika kale, dziwani kuti inagwira ntchito m'njira.

Mafoni ambiri a Android amawerenga okha. Lowani mu Settings, pezani Digital Wellbeing, ndipo mudzaona maola amene foniyo yagwira ntchito tsiku limenelo komanso pulogalamu imene yadya nthawi yambiri.

Chenjezo: mwana akaona kuti kopelo ndi lomukolera kuti alangidwe, amabisa, ndipo mudzalemba zabodza. Muuzeni kuti aliyense pakhomopo akulembedwa, bambo ndi mayi omwe. M'miyezi yothyola tiyi kwambiri, pamene makolo amachoka mbandakucha, pemphani agogo kapena mwana wamkulu kuti azilemba.

2. Yambani ndi makolo ochepa, kenako pitani kwa a mfumu

Musathamangire kuitanitsa mudzi wonse pabwalo. Pa msonkhano waukulu anthu amawomba m'manja, wina amanyoza "ana a masiku ano", kenako aliyense amabwerera kwake osasenza udindo uliwonse. Yambani ndi gulu limene limakumana kale: banki m'khonde, amayi a Mvano kapena a Dorika, limana, komiti ya madrasa. Bweretsani makope anu, muwerengerane zimene mwapeza.

Abambo asasowe. Rimoti nthawi zambiri imakhala m'manja mwawo, ndipo ndi iwo amene amatenga anyamata kukaonera mpira usiku. Kuno kwathu kumene mabanja ambiri ndi a chikamwini, musaiwalenso amalume. Mnyamata wa Fomu 2 amene wayamba kuyankha mayi ake mwamwano amamvabe akalankhula malume wake.

Mukagwirizana, tumani anthu atatu kwa a mfumu. Mawu ake akhale achidule, monga awa:

"Zikomo a mfumu. Tabwera ndi nkhawa ya ana athu, omwenso ndi ana anu. Tawerenga m'makomo mwathu sabata yathayi, tapeza kuti ambiri akugona mochedwa chifukwa cha mafoni, ena akuthawa m'kalasi kukaonera vidiyo. Tagwirizana kuti tiyambe ife eni ake. Pempho lathu ndi lakuti mutitsogolere pokumana ndi eni mavidiyo, komanso mutilole kugwiritsa ntchito bwalo madzulo."

Chenjezo: musatchule dzina la mwana wa munthu amene sali m'gulu lanu. Mawu amenewo amafika kwa makolo ake tsiku lomwelo, ndipo ntchito yanu imasanduka mlandu.

3. Gwirizanani malire malinga ndi msinkhu wa mwana

Apa pali manambala amene angakuthandizeni kuti musakangane pachabe. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a ana osakwana zaka 5. Mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa foni kapena pa TV. Wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo kuchepera apo ndi bwino koposa. Malangizo omwewo amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13, kuphatikizapo tulo ta masana. Kwa ana a zaka 5 mpaka 17, malangizo a WHO a 2020 amati azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndipo achepetse nthawi yongokhala pansi n'kumaonera. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10.

Tengani manambala a tulowa muwerengere chammbuyo. Ngati mwana wa Sitandade 5 amadzuka 5 koloko kuti atunge madzi, asese, n'kuyenda kupita kusukulu, ndiye kuti pofika 8 koloko usiku ayenera kukhala atagona. Kuwala kwa foni ndi filimu yosangalatsa zimachedwetsa tulo, choncho foni izime ola limodzi nthawi yogona isanakwane, kutanthauza 7 koloko. Makolo akaona masamu amenewa papepala, mkangano woti "7 koloko yachepa" umatha wokha.

Malamulo akhale ochepa, oti mwana wa Sitandade 2 n'kuwanena pamtima. Anayi akukwanira:

- Nthawi ya sukulu palibe mwana woonera vidiyo, kulikonse.
- Pa nthawi ya chakudya TV izime, mafoni akhale pansi.
- Ikakwana nthawi imene mwagwirizana madzulo, mafoni alowe m'kadengu, ndipo kadenguko kagone kuchipinda kwa makolo.
- Masiku a sukulu kuonera kusapitirire ola limodzi kapena awiri, ndipo kubwere homuweki ndi ntchito za pakhomo zitatha. Loweruka mutha kuwonjezerako.

Lamulo lachisanu ndi la akuluakulu okha: mwana wa mnzako akafika pakhomo pako, malamulo ndi omwewo. Popanda limeneli, anayi enawo ndi ongokongoletsa khoma.

Lembani malamulowa papepala lalikulu, banja lililonse likopere ndi kumata m'nyumba mwake. Gwirizananinso zimene sizikuwerengedwa: kulankhula pa vidiyo ndi bambo amene ali ku Johannesburg, kapena kufufuza za homuweki kholo lili pompo.

Povuta ndi pa makanda. Mayi amene akugulitsa nthochi kapena zinanazi m'mbali mwa msewu, mwana akalira, foni ndiye chotonthozera chapafupi, ndipo palibe chifukwa chomunyozera. Koma mwana amaphunzira kulankhula pomva munthu akumuyankha, pomwe foni siimuyankha. Pemphani mlangizi wa zaumoyo kuti anenepo za nkhaniyi tsiku la sikelo, ndipo amayi ogulitsira malo amodzi athandizane: kachidole ka nsanza, botolo lokhala ndi timiyala lotsekedwa zolimba, kapena kusinthana kubereka.

4. Khalani pansi ndi anawo

Malamulo asawagwere ngati chilango. Kumanani ndi ana a pulayimale paokha, a sekondale paokha. Aang'onowo afunseni zimene amakonda kuonera ndi masewera amene angafune pabwalo, ndipo aloleni asankhe okha kuti ola lawo likhale liti: akangoweruka kapena chakumadzulo. Mwana amene wasankha yekha savuta kukumbutsa.

A sekondalewo adzakufunsani funso limodzi: "Nanga inuyo bwanji?" Konzekeranitu yankho. Ngati bambo azidya nsima dzanja lina lili pa Facebook, ngati mayi aziseka za pa WhatsApp mpaka 11 koloko ana akumvera kuseri kwa katani, pepala la pakhoma lija latha ntchito. Foni ya kholo ilowenso m'kadengu pa nthawi ya chakudya. Usiku kholo litha kuisiya yoyatsa chifukwa cha uthenga wadzidzidzi, koma ikhale pansi, osati m'manja.

5. Kambiranani ndi eni mavidiyo sho

Gawo ili ndi limene midzi yambiri imapunthwapo, ndipo ndi lofunika kudekha nalo. Mwini vidiyo sho si mdani. Ndi munthu amene anagula TV, sipika ndi jenereta kapena sola, amalipira lendi, ndipo banja lake limadya kuchokera pa ndalama za pakhomo pa shoyo. Ana ndi makasitomala ake a masana, nthawi imene akuluakulu ali kuntchito. Mukamufikira ndi chigulu cha anthu okwiya, adzavomera chilichonse kuti muchoke, mawa lake n'kutsegula kakhomo kakuseri.

Pitani anthu awiri, m'mawa, asanayambe kuonetsa. Mmodzi akhale munthu amene amadziwana naye. Mutha kuyamba chonchi:

"Achimwene, sitinabwere kudzakutsekerani bizinesi. Tikudziwa kuti mumadyera pomwepa. Nkhawa yathu ndi ana amene akulowa nthawi ya sukulu, ndi amene akutuluka usiku. Tikufuna timve maganizo anu, kenako tikumane tonse kwa a mfumu ndi anzanu ena oonetsa."

Mawu akuti "ndi anzanu ena" ndiwo mutu wa nkhani. Ngati pa msika pali mavidiyo sho atatu, mmodzi yekha n'kuvomera, ana onse amapita kwa awiri enawo, ndipo amene wakumverani uja ndiye waluza. Sabata yachiwiri nayenso amabwerera. Choncho onse akumane tsiku limodzi, pamaso pa a mfumu ndi tcheyamani wa msika, ndipo avomere zofanana. Musaiwale oseweretsa magemu a PlayStation ndi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi, chifukwa zambiri zimene ana amaonera pa foni zimachokera kwa iwowo, osati pa intaneti.

Zopempha zikhale zomveka. Mwana asalowe nthawi ya sukulu, kaya wavala yunifomu kapena waibisa m'chikwama. Ana atuluke nthawi imene mwagwirizana madzulo, ngakhale mpira usanathe. Mafilimu olaula ndi ankhanza zoopsa asaonetsedwe ana ali mkati kapena akusuzumira pa mipata ya matabwa. Oika mafilimu asaike zolaula m'memori ya mwana, ngakhale atanena kuti wamutuma mkulu wake.

Kenako apatseni kanthu. Gwirizanani kuti Loweruka masana kuzikhala filimu ya ana imene ena mwa inu aioneratu, ndipo makolo a m'gulu lanu azilola ana awo kupita. Mwini shoyo amapezabe ndalama, ana amakhala ndi tsiku loliyembekezera, ndipo mgwirizano umakhalitsa. Matani pepala pakhomo pa shoyo losonyeza nthawi ya ana ndi chidindo cha a mfumu, kuti mwiniwake akamabweza mwana azitha kuloza papepalapo m'malo mokangana naye.

Lamulo la dziko lilipo. Malo oonetsera mafilimu pagulu amafunika chilolezo malinga ndi lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968, ndipo kubetcha n'koletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Koma musayambe ndi kuopseza. Sungani zimenezi kuti zidzagwire ntchito pa munthu amene wakana kumva a mfumu atamuitana kangapo, ndipo pamenepo nkhani ipite kwa a gulupu, a community policing kapena ku ofesi ya Social Welfare pa boma.

6. Konzani mafoni tsiku limodzi, pamodzi

Sankhani madzulo amodzi makolo onse abwere ndi mafoni awo, achinyamata awiri aja azithandiza. Pa foni iliyonse chitani izi:

1. Ikani PIN yatsopano yotsegulira foni. Isakhale chaka chobadwa, isakhale 1234, ndipo isafanane ndi ya Mpamba kapena Airtel Money.
2. Mu Digital Wellbeing ikani malire a nthawi pa YouTube, TikTok, Facebook ndi magemu. Nthawi ikatha, pulogalamuyo imatsekeka mpaka mawa.
3. Pa YouTube zimitsani autoplay, kuti vidiyo ina isamayambe yokha inzake ikatha.
4. Onani zimene zili m'memori khadi ndi m'mafoda a mavidiyo, mwana ali pomwepo, osati mwakabisira.
5. Ngati mwana ali ndi foni yakeyake ya Android, ikani Google Family Link. Imalola kholo kuika maola a patsiku, nthawi yogona, ndi kuvomereza kaye pulogalamu iliyonse isanalowe. Poyiika pamafunika bandulo ndi akaunti ya Google.

Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti. TikTok imaikanso yokha malire a mphindi 60 patsiku kwa osakwana zaka 18, koma izi zimagwira pokhapokha mwanayo atalemba tsiku lake lenileni lobadwa, ndipo ambiri amadzikulitsa. Ngati mwana wa pulayimale akufunika foni chifukwa amatsala ndi azing'ono ake, ya mabatani ndi yokwanira.

Chenjezo: PIN alembe kholo lenileni, wachinyamata atayang'ana kumbali. Ndipo musatsegule foni mwana ali kumbuyo kwanu. Maso a mwana wa zaka 8 amagwira PIN kamodzi kokha.

7. Dzazani nthawi imene mwachotsa

Mwana amene mwamuchotsera maola atatu a vidiyo osamupatsa china amangozungulira pakhomo, kukangana ndi azing'ono ake, mpaka mayi atatopa n'kumupatsanso foni kuti apume. Nthawi yoopsa ndi ya pakati pa kuweruka ndi kulowa kwa dzuwa.

Konzani kuti masiku atatu pa sabata pazikhala zochitika pabwalo, ndipo lembani ndandanda ya akuluakulu oyang'anira, awiri tsiku lililonse. Musadzivutitse ndi zida zodula. Mpira wa miyendo, ntchemberembaye, fulaye, phada, chipako, kulumpha chingwe ndi kupanga magalimoto a mawaya sizifuna ndalama. Ngati m'mudzimo muli gulu la tchopa, lipempheni liziphunzitsa ana tsiku limodzi, makamaka miyezi yoyandikira Okutobala pamene anthu amakonzekera mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Kusewera panja kuli ndi phindu linanso: kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti ana amene amakhala panja nthawi yokwanira sagwidwa kwambiri ndi vuto losaona patali.

Kuno ku Mulanje mvula ndi chiperoni si nkhani yodabwitsa, ndipo ndandanda imene ilibe malo othawirako imafa sabata ya mvula yoyamba. Masiku otere lowani pakhonde: bawo, drafiti, kuwerengerana mabuku, zilape ndi nthano. Agogo amene akhala chete pakhomo chifukwa zidzukulu zili pa TV, aitaneni. Akangoti "Padangotero," mudzaona kuti ana akudziwabe kuyankha kuti "Tili tonse." Za mabuku funsani aphunzitsi aakulu kapena ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirako pa maphunziro awo), ndipo funsani ku ofesi ya Social Welfare ngati m'dera lanu muli children's corner (malo amene ana amakumana kukasewera ndi kuphunzira akaweruka) imene mungalumikizane nayo.

Machenjezo apa ndi atatu. Masewera azitha kusanade, ndipo pasakhale wamkulu mmodzi yekha ndi ana m'chipinda chotseka. Nthawi ya dzinja ana asapite kukasewera kumtsinje: Likhubula, Lichenya, Ruo ndi timitsinje tina tochokera m'phiri timadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumudzi kusanagwe dontho. Chachitatu, yang'anirani atsikana. N'zosavuta kuti nthawi imene mwawachotsera pa TV ithere kumjigo ndi kukhitchini pomwe alongo awo ali ku mpira. Mtsikana akaona zimenezi amadziwa kuti mgwirizanowo wamudyera masuku pamutu, ndipo sadzaulemekeza.

8. Gwirizananitu chochita wina akaphwanya

Mwana akapitirira nthawi, mawa lake alibe ola lake. Basi. Kumenya kumaphunzitsa mwana kubisa, ndipo mwana wobisa ndi amene sadzakuuzani tsiku limene munthu wachilendo adzamutumizire zithunzi zolaula kapena kumuitana kuti akumane.

Kholo likalekerera, anthu awiri a m'gulu apite kukacheza nalo kunyumba, osati kulitchula pamsonkhano. Nthawi zambiri pamakhala chifukwa: mayi akudwala, agogo akulera okha zidzukulu zisanu, bambo amagwira ntchito ya ulonda usiku. Banja lotere likufunika kuti ana ake azikachezera pakhomo pa mnzawo madzulo, osati chindapusa. Ngati mudzi ukufuna kuti malamulo okhudza mavidiyo sho akhale ndi mphamvu yoposa mgwirizano wa pakamwa, adutse ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ndi kwa a T/A mpaka ku khonsolo ya boma, imene ili ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'dera.

Zina si za gulu lanu. Mukapeza kuti munthu wamkulu akutumizira mwana zolaula, akumupempha zithunzi za maliseche, kapena akumuopseza pa foni, musafufute mauthengawo ndipo musakambirane zolipitsana kwa a mfumu. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ku polisi.

9. Onaninso mwezi ukatha

Bwerezani kuwerenga kwa sabata imodzi kuja, mufananize ndi makope oyamba. Funsani aphunzitsi ngati kujomba ndi kusinza m'kalasi kwachepa pakati pa ana anu. Lamulo limene mabanja ambiri alephera, lisintheni m'malo molisiya papepala lili lakufa. Mukaona kuti mabanja oyambawo akhazikika, ndi pamene mungapemphe a mfumu kuitanitsa mudzi wonse, chifukwa tsopano olankhula adzakhala makolo amene ayesa, osati ongolangiza.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuletseratu zonse tsiku limodzi. Mwana amene amaonera maola asanu sangafike pa ziro mawa. Tsitsani pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, kuyambira ndi usiku, chifukwa tulo tikabwerera zina zimapepuka.

Kugwiritsa ntchito foni ngati malipiro. "Ukatsuka mbale ndikupatsa foni" imamveka yanzeru, koma imakweza mtengo wa foniyo m'maso mwa mwana, ndipo posakhalitsa palibe ntchito imene adzagwire popanda kulonjezedwa.

Kuyamba nthawi yolakwika. Mukayamba sabata yotsekera sukulu, kapena pakati pa dzinja pamene makolo ali kalikiliki kumunda ndi ku tiyi, oyang'anira adzasowa. Nthawi yabwino ndi masabata oyambirira a teremu. Tchuthi chisanafike kumananinso, chifukwa malamulo a masiku a sukulu sakwanira tsiku lonse lopanda sukulu.

Kusiyira munthu mmodzi. Mayi wachangu uja akadwala kapena akapita kukadikirira matenda kuchipatala, zonse zimaima. Kope la ndandanda, mpira ndi kiyi wa chipinda zikhale m'manja mwa anthu osiyanasiyana.

Kusonkhetsa ndalama msanga. Ndalama zikangolowa, mafunso a "zapita kuti" amalowanso, ndipo mabanja osowa amayamba kuthawa misonkhano. Ngati pafunika mpira weniweni, sonkhani za mpirawo zokha, mugule, muonetse lisiti.

Kuiwala alendo ndi achibale. Mkulu wawo wa anawo akabwera kuchokera ku Blantyre ndi foni yodzaza mafilimu, kapena azakhali akabwera kudzachezera sabata, auzeni malamulo a pakhomo tsiku loyamba lomwelo, ana asanawazungulire.

Kuchititsa manyazi ana pagulu. Kuwerenga mayina pa asembule, kapena kuyendetsa mwana pamsika chifukwa wagwidwa mu vidiyo sho, kumakwiyitsa makolo ake ndipo mwanayo amayamba kuthawa sukulu imene mumafuna kuti abwerereko. Wogwidwa aperekezedwe kwa aphunzitsi ake mwakachetechete, ndipo makolo ake auzidwe madzulo, kunyumba kwawo.